Kadzidzi Akukaonekera kwa Apongozi

Chikondi cha ena chimayambira ku kwaya, cha ena m'minibasi ya ku Lilongwe. Cha Takondwa ndi Pemphero chinayambira pa mkangano wa mafilimu oopsa, ndipo mkanganowo sunkaoneka kuti udzatha.

Takondwa ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Lamulungu akangotuluka m'tchalitchi, Baibulo likadali m'manja, ankalunjika ku vidiyo ya Che Binali kuseri kwa msika wa nsomba. Anzake ankati mtsikanayu mutu wake suyenda bwino, koma iye analibe nazo ntchito. Kumeneko ndiye anakumana ndi Pemphero, mnyamata wokonza mafoni amenenso ankatanthauzira mafilimu m'Chichewa. Mawu ake ankamveka m'mavidiyo a m'boma lonse la Salima, koma nkhope yake ankaidziwa ndi ochepa. M'mafilimumo ankadzitcha Kadzidzi.

Filimu imene ankakanganira inali ya mayi wokhala kumapeto kwa mudzi amene anthu ankamuganizira ufiti. Inalipo yakale, yopangidwa makolo awo asanabadwe, ndipo inaliponso yatsopano, yobwereza nkhani yomweyo.

"Yakaleyo ndi ya anthu aulesi," anatero Pemphero Lamulungu limenelo, atakhala pa benchi la panja. "Analephera kupanga mfiti, ndiye angotionetsa chitseko chikutseguka chokha. Munthu ungaope chitseko?"

"Chitseko chimenecho chinandisowetsa tulo," anayankha Takondwa. "Yako yatsopanoyo ndinaionera ndikudya chimanga chootcha, ndipo ndinachimaliza."

Bambo wina wa kabaza anati iye amakonda zatsopano chifukwa magazi ake amaoneka enieni, komanso munthu sugonerera. Che Binali anamuyang'ana ngati waba nsapato mu mzikiti.

"Wallahi, ana inu simudziwa mantha. Zobwerezazi ndi usipa wa dzulo wotenthetsa, mchere wambiri koma kukoma kunapita. Kale filimu inkakuopseza ndi kachetechete. Lero angokuphulitsira phokoso m'khutu, iwe n'kudzidzimuka, ndiye ati waopa."

"Mwamva?" Takondwa anamugunda Pemphero ndi chigongono. "Wanena ndi mwini vidiyo."

"Chifukwa simunaimve m'Chichewa. Ndinaitanthauzira mwezi watha, ndipo ikuyenda malonda kuposa zonse. Tiye ukaionere kamodzi kokha," anatero Pemphero.

"Ndikafa," anatero Takondwa.

Liuma limeneli ndi limene linamupweteketsa. Akanangolola kuionera ya Chichewayo tsiku lomwe inatuluka, mwina nkhani ino ikanakhala ina.

Popita kukakwera kabaza, Pemphero anasiya nthabwala. Loweruka likudzalo ankayenera kukaonekera kwawo kwa Takondwa, kumudzi wa kuseri kwa nkhalango ya Kuti, ataperekezedwa ndi amalume ake a Robert. Amayi a Takondwa anali asanawaonepo. Ngakhale dzina lawo sankalidziwa, pakuti mnyamata wolongosoka amafunsa dzina la apongozi? Takondwa ankangoti "amayi," iyenso ankangoti "amayi."

"Akandikana nditani?" anafunsa.

"Munthu woonera mitembo ikudzuka ukuopa mayi wamasiye?"

"Mitembo ija ndimaizimitsa ndi rimoti."

Takondwa anaseka mpaka misozi. Ankamukonda mnyamatayu, ndipo sankabisa.

*

Lachitatu masana foni inalira. Anali amalume ake a George, mlongo wawo wa amayi ake, amene mawu awo ndiwo ankamanga kapena kumasula ukwati wa mwana aliyense wa m'banjamo. Sanapereke n'komwe moni.

"Amayi ako anandiletsa kukuuza, koma zafika poipa. Ndakutumizira kanthu. Taonera, ndiimbanso."

Takondwa anakabisala kuseri kwa khitchini n'kutsegula. Inali filimu yatsopano ija, pamene mfiti imatulukira poyera, nkhalamba yotsimphina ya diso limodzi loyera. Pamwamba pake pankamveka mawu amene iye akanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Uyo akubwera apoyo, abale anga, ndi Nachisale wa kuseri kwa Kuti, wa diso limodzi, wotunga pa mjigo wa pasukulu. Bisani ana anu."

Anakhala pansi pa simenti. A Nachisale anali amayi ake. Diso lawo lamanzere linachita ng'ala iye ali wamng'ono, ndipo mwendo unkawavuta chigwereni m'ngolo. Mudzi wonse wa kuseri kwa Kuti unalibe Nachisale wina wotero.

Amalume aja ataimbanso anafotokoza zonse. Filimuyo inafika kumudzi pa mamemore a foni. Poyamba ana ankangoseka, kutsanzira kutsimphina. Kenaka mwana wa neba anadwala malungo aakulu, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti wa m'filimu uja sanganene dzina popanda chimene akudziwa. Tsopano amayi ake akafika pa mjigo, amayi anzawo ankanyamula zidebe zopanda madzi n'kuchoka. Padenga pawo panali patagwa miyala kangapo.

"Kadzidzi ameneyu akuti ndi wa komweko ku Senga Bay. Ukumudziwa?"

Kumudzi Takondwa anangowauza kuti bwenzi lake ndi wokonza mafoni, zomwe zinali zoona, koma theka.

"Kuno kuli anthu ambiri, amalume," anatero pomaliza.

"Ufufuze. Ndikufuna ndimuone m'maso. Za Loweruka sizinasinthe, abwere alendowo, mwina amayi ako angasekeko."

*

Anamupeza Pemphero m'kashopu kake, foni yomasula ili patebulo. Che Binali analiponso, atabwera kudzatenga mafilimu a sabatayo. Takondwa anangoika foni yake patebulo n'kuyatsa. Pemphero anamwetulira atamva mawu ake omwe.

"Waionera tsopano? Ndinakuuza kuti…"

"Nachisale ndi amayi anga."

Kumwetulira kuja kunaumira pankhope. Anayang'ana foni, anayang'ana Takondwa, kenaka anagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Astaghfirullah," anatero Che Binali chapansipansi, kupempha Mulungu chikhululuko.

"Tako, ndikulumbira, sindinadziwe. Ukudziwa mmene timachitira. Mayina achizungu anthu sawagwira, ndiye timapereka athu, ndi midzi yathu, kuti aziseka. Wapolisi ndinamutcha Godwin wa ku Lifuwu. Palibe Godwin amene ndinkamuganizira."

"Nanga mjigo wa pasukulu? Unaulota?"

Pemphero anazengereza, ndipo kuzengerezako kunamupweteka Takondwa kuposa yankho.

"Anandiuza ndi Kettie."

Kettie ankachapa zovala pa loji yomwe ija, ndipo kwawo kunali kumudzi komwe kwa Takondwa. Foni yake inkawonongeka pafupipafupi modabwitsa, ndipo nthawi zonse inkawonongekera kwa Pemphero.

"Ndiye pojambula mawu Kettie amakhala muno?"

"Anabwera ndi foni yake, anandipeza ndikusowa dzina. Ataona diso lija anaseka, n'kunena kuti mutche chakuti, zikhala ngati zenizeni. Ine ndimayesa wangopeka."

"Unayesa wapeka. Amayi anga akugendedwa, Pemphero. Mayi amene anandilera yekha ndi khasu, lero akumwa madzi a m'dambo chifukwa pa mjigo akumuthawa."

"Ndiitanthauziranso lero lomwe. Ndichotsa dzinalo, ndinena poyambirira kuti zinali zopeka."

"Chita, ndipo ine ndiionetsa ulere," anatero Che Binali. "Koma usadzinamize, mwana wanga. Yoyambayo ili kale ku Chipoka, ili ku Khombedza, aliyense akupatsira mnzake. Madzi akatayika saoleka."

Takondwa anatola foni yake. Sanafune kulira pamaso pawo, koma misozi siipempha chilolezo.

"Unkandiseka ndi chitseko changa. Mu yakale ija mayiyo sitimuona nkhope mpaka kumapeto, ndiye palibe amene angatuluke m'vidiyo n'kukaloza munthu. Yakoyi inamupatsa diso, inamupatsa mwendo, iwe n'kumalizitsa ndi dzina."

Kanali koyamba kuti Pemphero agonje pa mkangano umenewu, ndipo Takondwa sanamve kukoma kulikonse.

*

Takondwa anamupeza Kettie m'mawa mwake akuyanika nsalu za pabedi. Kettie atangoona nkhope ya Takondwa, anadziwa.

"Inali nthabwala chabe."

"Amayi anga ndiwo anakuchingamira tsiku limene unabadwa, mvula ikugwa. Amayi ako amanena okha."

Kettie anafinya nsalu imene inali yofinya kale. Maso ake anali ofiira, ngati nayenso sanagone.

"Sindimadziwa kuti zifika pa miyala. Ndimafuna ukangomva, ukwiye, mukangane basi. Ndinayamba kumuona ndine Pempheroyo, Takondwa. Ndine ndinakulozera vidiyo ya Che Binali, waiwala? Iwe unangofika, n'kutsutsana naye kamodzi, basi ine ndinasanduka mpando."

Takondwa anabwera atakonzeka kumutukwana, koma mawu aja anamuthawa. Mtsikana anali patsogolo pakeyu anali womvetsa chisoni, ngakhale anali woipa mtima.

"Ukawauza amalume kuti Kadzidzi ndi ndani?"

"Ndikaulule kuti nanenso andifunse? Ayi. Ine pakamwa panga ndatseka." Anatembenuka n'kuponya nsalu pachingwe. "Koma iwe ukaganize bwino. Munthu amene ntchito yake ndi mawu umubisa bwanji?"

*

Lachisanu mauthenga anayenda tsiku lonse.

"Ndamaliza yatsopano, dzina lija mulibe. Che Binali ayamba kale kuionetsa."

"Chabwino."

"Mawa ndikufuna ndikagwade pamaso pa amayi, ndinene ndekha kuti ndine."

Takondwa anayang'ana uthengawo nthawi yaitali. Ankadziwa kuti zimenezo ndiye zoyenera. Ankawadziwanso amalume ake a George: anali munthu wabwino, koma akanena kuti ayi sabwerera, ngakhale abusa atabwera ndi mpingo wonse. Akanamva tsiku loyamba lomwe, chibwenzi chikanathera pansi pa mtengo wa mango.

"Usanene mawa. Ayambe akudziwa kaye, akukonde. Tidzawauza zinthu zikazizira."

"Ndiye ndikawanamize?"

"Sukanama. Ukangokhala chete. Pa mwambo wotere mnyamata salankhula, amakulankhulira ndi amalume ako. Ukawerame, akakupatsa moni ukangoomba m'manja. Amayi akakhala patali, mkamwini sayandikana ndi apongozi."

"Tako, zikundiwawa."

"Inenso. Koma sindikufuna kukutaya."

Kenaka panabwera liwu limodzi lokha: "Chabwino."

*

Takondwa anafika kumudzi Loweruka m'mamawa. Chinthu choyamba chimene anaona chinali miyala padenga la malata, ikadali pomwe inagwera, popeza panalibe wokwera kukaichotsa. Amayi ake anali ataonda, koma anasesa bwalo lonse ndipo thobwa linali litaphikidwa.

"Usade nkhawa ndi ine," anatero a Nachisale akumukonza mpango. "Lero ndi tsiku lako. Miyala ndinaizolowera, imagwa n'kusiya. Chimene chikundisautsa ndi mawu aja. Ana amakhala paseli apa n'kumaayatsa pa foni, kubwereza, kubwereza. Ndikamalima ndimawamva, ndikamapemphera ndimawamva. Ndimangodzifunsa kuti mwana wa munthu ameneyu ndinamulakwira chiyani, poti sindimudziwa n'komwe."

Takondwa anawerama ngati akukonza nsapato.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Pemphero anavala shati yoyera, ndipo mmene ankayendera kumbuyo kwa amalume ake a Robert, munthu akanayesa ndi mnyamata amene sanalankhulepo chibadwire. Amuna anakhala pamipando pansi pa mango. A Nachisale anayala mphasa chapatali, pafupi ndi khonde, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo. Takondwa anakhala pambali pawo.

Zonse zinayenda monga anakonzera. A George atapereka moni, Pemphero anatsika pampando, kunjuta, n'kuomba m'manja mwaulemu. A Robert analankhula bwino, anati mphwawo waona duwa pakhomo pano ndipo sanafune kulowera pazenera. Anafotokoza za mpingo wake, za makolo ake, za kashopu ka mafoni. A George ankangogwedeza mutu.

"Mnyamatayu wandisangalatsa," anatero. "Anyamata a masiku ano pakamwa mbwee, ngati uja wa m'mafilimu amene watiyalutsira mlongo wathu. Uyu ndi wofatsa. Achemwali, tabweretsani thobwa alendo anyowetse kukhosi, tikambirane tsiku la chinkhoswe."

Takondwa anafuna kudzuka kuti akatenge thobwalo yekha, koma amayi ake anamugwira phewa.

"Khala. Thobwa la mkamwini wanga woyamba ndinyamula ndekha."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jagi yodzaza, akumwetulira koyamba chifikireni Takondwa. Ankayenda pang'onopang'ono, mwendo uja ukukoka. Kumanzere kwawo, mbali ya diso losaona, kunali mwala umodzi umene tsache linauphonya. Anaupunthwa. Jagi inauluka, iwo n'kupita chamutu kulunjika pa muzu wa mango.

Sanafike pansi. Pemphero anali atadumpha kale, kuiwala mwambo, kuiwala pangano, n'kuwawakha ndi manja awiri.

"Pepani amayi, pepani. Mwapweteka? Tagwirani dzanja langa, musaponde mwendo umenewo."

A Robert anaseka mwamanyazi n'kuyamba kupepesa kuti mwanayu wagwira apongozi. A George anati palibe mlandu, wachita zaumunthu. Takondwa yekha ndiye anaona kuti amayi ake sanasiye dzanja lija. Analigwira pamkono zolimba, mutu atapendeketsa, khutu lili kwa mnyamatayo.

"Tanenanso, mwana wanga."

Pemphero anayang'ana Takondwa. Takondwa anapukusa mutu pang'ono, kumupempha ndi maso. Thobwa linkayenderera m'fumbi kulowera kumapazi a alendo.

Mnyamatayo anagwada, dzanja lake likadali m'manja mwawo.

"Ndati pepani, amayi," anatero momveka bwino, ndi mawu ake onse. "Pepani pa zonse."

A George anasiya kumwetulira, dzanja lawo likupita pang'onopang'ono m'thumba la jekete momwe munali foni yokhala ndi mawu aja.

A Nachisale anasiya mkono uja mofatsa, osakankha. Sanamuyang'anenso mnyamata wogwadayo. Anatembenuka mpaka diso lawo lopenya linapeza mwana wawo pamphasa, ndipo anafunsa motsitsa mawu, mmene ankamufunsira ali wamng'ono akabwera ndi bala.

"Takondwa, m'mawa muja ndimakuuza za mawu aja, iwe unkadziwa?"